Maola amene salembedwa pa fomu: zimene ndinaona pa malipiro a demonstrator

Sabata yathayi mtsikana wina wa kwathu, amene wangomaliza kumene digiri ya Chemistry, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Aphunzitsi ake amuitana kuti azikathandiza mu labu ngati demonstrator, ndipo iye anali ndi funso limodzi lokha: "Achemwali, kodi amalipira zingati?" Ndinayamba kumuyankha, koma mayankho anachuluka mpaka ndinaona kuti kuli bwino ndilembe zonse bwinobwino, kuti zithandizenso ena. Funso limeneli ine sindinafunse pamene ndinkayamba ntchitoyi mu 2022. Ndinachita manyazi. Ndinkaona ngati kufunsa za ndalama kwa munthu amene wakuchitira chifundo n'kupanda ulemu.

Kwa inu amene simunalowemo mu labu ya pa yunivesite, ndifotokoze kaye. Mphunzitsi wamkulu amaphunzitsa m'kalasi, koma ophunzira akalowa mu labu kukachita ma practical pamafunika munthu woima nawo pa benchi: kuwaonetsa kagwiridwe ka zipangizo, kuyankha mafunso, kuonetsetsa kuti wina asadzithire asidi, kenako kutolera malipoti awo n'kukachonga. Munthu ameneyo ndiye demonstrator. Nthawi zambiri amakhala wophunzira wa chaka chomaliza amene amakhoza bwino, kapena womaliza digiri amene akudikira ntchito, kapenanso amene akuchita masters. Ine ndinali m'gulu lomalizali, pa yunivesite ina ya boma imene sindiitchula dzina.

Tsiku loyamba sindidzaliiwala. Practical yake inali ya titration, ija yothira sodium hydroxide m'madzi a asidi pang'onopang'ono kufikira phenolphthalein atasintha mtundu n'kukhala wa pinki. Pa pepala zinalembedwa kuti labu iyamba 2 koloko masana n'kutha 5 koloko. Maola 3. Koma atekinishani anandiuza kuti ndifike 1 koloko, tikatsuke ma burette (timachubu tagalasi titalitali tokhala ndi kampopi, toyezera mankhwala amene ukuthira), tiyeze mankhwala, tiyesere kaye tokha ngati zinthu zikutuluka bwino. Ophunzira analipo pafupifupi 60, ma burette abwino osakwana 20, ndiye ankagwira atatuatatu. Mnyamata wina ndinamupeza akukoka asidi ndi pakamwa kudzera mu pipette (kachubu kagalasi kotungira mankhwala), chifukwa ku sekondale kwawo ankatero. Mtsikana wina anatsegula mpopi wa burette wonse, botolo lonse linafiira, n'kuyamba kulira poganiza kuti walephera. Ndinakhala naye pansi mpaka anabwereza katatu ndipo manambala ake anagwirizana. Pamene wophunzira womaliza ankatuluka, kunja kunali kutada. Titamaliza kutsuka ndi kutseka, nthawi inali itadutsa 6 koloko.

Malipoti 60 aja ndinapita nawo kunyumba m'jumbo. Chimenecho chinali chaka chimene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndiye magetsi ankathima maola ambirimbiri. Ndinkachonga ndi tochi ya pafoni nditaiika m'kapu kuti iwale bwino patebulo. Lipoti limodzi, ngati ukufuna kulichonga mwachilungamo, kutsatira masamu a mwana mzere ndi mzere kuti uone pamene wasochera, limadya mphindi 10 kapena kuposa. Malipoti 60 ndi maola 10.

Kutha kwa mwezi anandipatsa fomu yoitanitsira malipiro. Pa tsiku lija la titration, malo olembapo anali a maola 3 basi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo n'chifukwa chake ndinamuuza mtsikana uja kuti funso lake ndi labwino koma ndi losakwanira. Ndalama ya pa ola imene angakutchulireni siikuuzani chimene mudzalandire pa thukuta lanu. Chofunika kudziwa n'chakuti ndi maola ati amene amawerengedwa. Ndiike nambala yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Tinene kuti akukupatsani K3,000 pa ola, ndipo muli ndi magulu awiri pa sabata, lililonse maola 3. Pa fomu ndi maola 6 pa sabata, K18,000, pa mwezi K72,000. Munthu amene wangochoka kumene pa sukulu akamva K72,000 mtima umakhala m'malo, makamaka pokumbukira kuti mu 2022 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pa mwezi. Koma onjezerani maola 2 okonzekera ndi kutsuka pa gulu lililonse, ndi maola 10 ochonga pa gulu lililonse. Sabata yanu ili ndi maola 30, osati 6. K18,000 ija mukaigawa pa maola 30, ola lililonse likutuluka K600. Ntchito ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, koma ndalama yachepa kasanu.

Amene ananditsegula maso anali atekinishani aja, bambo wachikulire amene anagwira mu labu imeneyo zaka zambiri ine ndisanabadwe n'komwe. Tonse tinkangowatcha kuti Madala. Tsiku lina anandipeza ndikuwerengera maola pa zala, fomu ili patsogolo panga, ndipo anati: "Mwana wanga, mutu suusunga maola. Kagule hadikava." Ndinagula. Anandiuza kuti tsiku lililonse ndizilemba deti, dzina la kosi, gulu, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, chiwerengero cha malipoti, ndipo aphunzitsi a kosiyo azisainira tsiku lomwelo, osati kutha kwa mwezi. Anati demonstrator aliyense amene anamuona akulira m'khonde la ofesi ya zachuma ankalira chifukwa analibe umboni. Hadikava imeneyo inandipulumutsa kawiri. Ulendo wina fomu yanga inasowa pakati pa ofesi ya dipatimenti ndi ofesi ya adini (mkulu woyang'anira madipatimenti angapo), ndipo ndinalembanso ina m'mphindi zochepa chifukwa zonse zinali m'buku, masiginecha ali pomwepo.

Hadikava yomweyo ndi imene inandipatsa mphamvu zokalankhula ndi mkulu wa dipatimenti. Sindinapite mwaukali. Ndinawaonetsa masamba a milungu inayi n'kunena kuti, "Bwana, ndimafuna mundithandize maganizo. Maola ochonga ndi awa, koma pa fomu palibe poalemba." Anayang'ana nthawi yaitali. Sanathe kusintha ndalama ya pa ola, chifukwa imeneyo siikhazikitsidwa ndi dipatimenti, imachokera kumwamba. Koma anachita zinthu ziwiri zimene zinali m'manja mwawo: analola kuti ola limodzi lokonzekera lizilembedwa pa labu iliyonse, ndiponso anasintha kuti ophunzira azipereka lipoti limodzi pa gulu la anthu atatu m'ma practical ena. Malipoti anatsika kuchoka pa 60 kufika pa 20. Palibe tambala imene inaonjezeredwa pa ola, koma moyo wanga unasintha. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phulalo semesita yathunthu ndisanafunse.

Tsono za ndalama ya pa olayo. Musamve za mnzanu wa kwina n'kuganiza kuti inunso mudzalandira chimodzimodzi. Chigawidwireni University of Malawi mu 2021, pamene panabadwa MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite a boma alipo 6 mukaphatikiza LUANAR, Mzuni ndi MUST, ndipo iliyonse ili ndi khonsolo yakeyake ndi malamulo akeake a aganyu. A mipingo ndi a anthu wamba nawonso ali ndi zawo. Kumene ine ndinali, ndalama inkayendera pepala limene uli nalo m'manja. Wophunzira wa chaka chomaliza ankalandira yotsika, wa digiri yokwererapo, womaliza masters yokwera kuposa apo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ofesi siikusinthirani yokha. Mnzanga wina anamaliza masters yake koma anapitiriza kulipidwa ngati wa digiri yoyamba kwa semesita yonse, chifukwa sanapereke kope ya satifiketi yatsopano. Mukangolandira pepala latsopano, ngakhale kalata chabe yotsimikiza kuti mwakhoza, kaperekeni tsiku lomwelo ndipo musunge kope yodindidwa.

Chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa ndi thumba limene ndalama yanu ikuchokera. Ma demonstrator awiri akhoza kuima mu labu imodzi, atavala magauni oyera ofanana, koma wina akulipidwa ndi bajeti ya dipatimenti, wina ndi pulojekiti ya kafukufuku ya aphunzitsi ake. Wa pulojekiti kawirikawiri ankalandira msanga, chifukwa opereka thandizo amafuna malipoti a zachuma pa nthawi yake. Makalasi a Loweruka ndi Lamlungu, aja a anthu apantchito odzilipirira okha, analinso ndi kayendetsedwe kawo, ndipo anzanga amene ankathandiza kumeneko sankadandaula kwambiri ngati ife. Si mwano kufunsa kuti, "Kodi ndalamayi ichokera ku bajeti iti?" Yankho lake limakuuzani ngati muyembekezere masabata kapena miyezi.

Ndipo kuyembekezerako ndiye kunandipweteka kuposa china chilichonse. Fomu inkayenda ulendo wautali: ine ndilembe, aphunzitsi a kosi asaine, mkulu wa dipatimenti asaine, adini asaine, kenako ku ofesi ya zachuma. Mmodzi akapita ku msonkhano ku Mangochi kwa sabata, fomu imagona pa tebulo. Ikaphonya tsiku lotsekera malipiro a mwezi umenewo, imadikira mwezi wotsatira. Ndalama imene ndinagwirira mu Ogasiti ndi Seputembala 2023 inali isanatuluke pamene Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti pa 9 Novembala, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Inadzalowa mu akaunti mu Disembala, nambala yake ili yomwe ija ya pa fomu, koma shuga, mafuta ophikira ndi minibasi zonse zitakwera kale. Zoterezi zinali zitachitikaponso mu Meyi 2022, kwacha itagwa ndi 25 peresenti. Wantchito wa pa mwezi amatha kuyembekezera kuti mabungwe a ogwira ntchito amulankhulira kuti malipiro akwere. Waganyu wa pa ola amangoona ndalama yake ikusungunuka ili m'faelo.

Miyezi imeneyo alandilodi anandipirira kawiri, kachitatu anayamba kugogoda m'mamawa. Panali mnyamata wina pafupi ndi pamene ndinkakhala amene ankakongoza ndalama za katapila, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinafika mpaka pakhomo pake. Chimene chinandibweza ndi kukumbukira mnzathu wina amene anakongola poyembekezera fomu yake, ndipo pamene ndalama inatuluka yonse inathera chiongoladzanja. Ndinaimbira amayi, iwo anakanditengera ku banki mkhonde yawo. Inu amene mukuyamba, ndikukupemphani ndi mtima wonse: musamangire lendi pa ndalama ya u-demonstrator. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama imene ili pa fomu muiwerengere tsiku limene foni yalira kuti yalowa.

Ikalowa, musadabwe kuona kuti yaperewera. Msonkho umadulidwiratu. Pitani ku ofesi ya zachuma mukafunse kuti akudulani msonkho wa mtundu wanji, wa PAYE kapena wa withholding, ndipo mupemphe chikalata chosonyeza zimene zadulidwa. Ine ndinachita kuphunzira pa fomu yachitatu kuti maola a miyezi ingapo akaunjikana n'kulipidwa kamodzi, ndalamayo imaoneka yaikulu pa pepala ndipo msonkho umaluma kwambiri kuposa mmene ukanalumira mwezi ndi mwezi. Chifukwa chake perekani fomu mwezi uliwonse, ngakhale maola ali ochepa. Musasunge kuti mudzapereke kamodzi kutha kwa semesita.

Kumbukiraninso kuti kalendala ya sukulu ndiyo bwana wanu weniweni. Sabata ziwiri zoyambirira za semesita ma practical sanayambe. Nthawi ya mayeso atha. Tchuthi palibe labu. Sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, kaya ndi sitalaka ya ophunzira kaya ya aphunzitsi, inu manja lende. Madzi akasiya, kapena mankhwala akachedwa kubwera, practical imaimitsidwa ndipo tsikulo silikulembedwa, ngakhale munalipira kabaza kubwera. Pa chaka chathunthu ine ndinkagwira masabata osapitirira 20. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu ndi staff associate, amenenso amakhala wa digiri yoyamba ngati inu. Iye ndi wolembedwa ntchito, amalandira pa mwezi kaya labu ilipo kaya palibe, ndipo lamulo la penshoni limamuteteza: abwana amamuikira 10 peresenti, iye n'kuikapo 5. Anthu kumudzi ankati "akuphunzitsa ku yunivesite" n'kumandiyang'ana ngati wapamwezi. Zinali zovuta kufotokozera amalume kuti ndili pa ganyu.

Mu Seputembala 2024 ndinabwera kuno ku Britain kudzachita PhD, mu mzinda wina wa kumpoto kwa England, ndipo ndinapezanso kuti dzina lomwelo la demonstrator lilipo, ntchito yakenso ndi yomweyo. Ndilembeko pang'ono za kuno chifukwa achinyamata ambiri akwathu amandifunsa akamakonzekera kubwera.

Kuno malipiro a m'mayunivesite ambiri amatsatira makwerero amodzi a dziko lonse, a masitepe ambiri, amene mabungwe a ogwira ntchito monga UCU amakambirana ndi olemba ntchito chaka ndi chaka. Yunivesite iliyonse imasankha yokha sitepe imene demonstrator aimepo, ndiye ndalama imasiyana, koma kawirikawiri imagwera pakati pa £14 ndi £20 pa ola. Ku London amaonjezerapo kangachepe chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu. Kuti muone kukula kwake, malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £11.44 pa ola kuyambira Epulo 2024, ndipo anafika £12.21 mu Epulo 2025. Pamwamba pa ndalama ya pa ola amaikaponso ya tchuthi, imene kwa aganyu nthawi zambiri imawerengedwa pa 12.07 peresenti. Pamenepa chenjerani: ena potsatsa ntchito amatchula nambala imene ya tchuthiyo ili kale m'kati, ena amaipatula. Manambala awiri akhoza kuoneka osiyana pamene ndi amodzi.

Mukatembenuza mapaundi amenewa kukhala makwacha mutu umazungulira, koma musafulumire. Wobwera pa viza ya sukulu saloledwa kugwira ntchito maola opitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo lamulo limeneli silochita nalo masewera, likhoza kukuthamangitsani m'dziko. Kuonjezera apo dipatimenti yanga imalangiza kuti wa PhD asapitirire maola 6 pa sabata, kuti kafukufuku asaime. Choncho ndalama ya u-demonstrator kuno ndi yoonjezera chabe pa ndalama ya sikolashipu. Amene amathandizidwa ndi UKRI, bungwe la boma la kuno lopereka ndalama za kafukufuku, ankalandira £19,237 pa chaka mu 2024/25, ndipo mu 2025/26 inakwera kufika £20,780. Imeneyo siidulidwa msonkho, ndipo ya u-demonstrator nayo msonkho wa pa malipiro umayamba kuikhudza pokhapokha yadutsa £12,570 pa chaka, zimene sizichitika ndi maola 6 pa sabata.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nkhani ija ya maola osalembedwa inawoloka nane nyanja. Kuno amasiyanitsa demonstrator ndi wotsogolera kalasi yaing'ono ya zokambirana. Wotsogolera kalasi amamuwerengera nthawi yokonzekera pa ola lililonse limene waima kutsogolo, pamene demonstrator amamuona ngati wothandiza chabe pa zimene wina wakonza kale, ndiye nthawi yake yokonzekera imakhala yochepa kapena osakhalapo. Kuchonga amalipira, inde, koma amakuikirani mphindi zake pa lipoti lililonse. Ine anandiikira mphindi 15 pa lipoti limene, kuti ndilembemo ndemanga zothandiza mwana, linkanditengera 25. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno zonse zili m'kalata ya mgwirizano imene umasaina usanayambe, ndipo ndalama imalowa kutha kwa mwezi wotsatira ukapereka maola pa kompyuta nthawi yabwino. Podandaula palipo, ndipo ndinadandaula, hadikava yatsopano ili m'manja.

Mwina wina afunsa kuti nanga ndinapiriranji zaka ziwiri. Ndinapirira chifukwa ntchitoyi ndimaikonda, ndipo inandipatsa zinthu zimene sizilembedwa pa fomu. Chemistry imene ndinkangoloweza ndili wophunzira ndinaimvetsa zenizeni pamene ndinkaifotokozera mwana wa chaka choyamba kachisanu. Aphunzitsi amene anandilembera kalata yondichitira umboni pofunsira PhD analemba zimene anaona ndi maso awo mu labu. Mtsikana uja analira pa titration ndinadzamuona ali chaka chachitatu akuphunzitsa mnzake kuwerenga burette, diso lili pa mzere wa madzi ndendende monga ndinamuonetsera. Koma zabwino zimenezi zisakhale chifukwa choti munthu azigwira maola 30 n'kulipidwa 6. Aphunzitsi akuluakulu amene mukuwerenga, inunso munadutsa pomwepa. Mukamaitana mwana kuti adzakuthandizeni, muuzeni za ndalama iye asanafunse, chifukwa ambiri amachita manyazi ngati mmene ndinachitira ine. Ndipo fomu yake ikafika pa tebulo panu, sainani tsiku lomwelo. Kwa inu ndi pepala, kwa iye ndi lendi.

Mtsikana wa kwathu uja ndinamuuza kuti asanavale gauni apite kwa aphunzitsi akewo, mwaulemu, akapemphe kalata yolembedwa, ngakhale imelo chabe, yonena ndalama ya pa ola, ngati kukonzekera ndi kuchonga zikuwerengedwa, kuchuluka kwa ophunzira pa gulu, tsiku lotsekera mafomu mwezi uliwonse, ndi dzina la ofesi imene azikafunsako ndalama ikachedwa. Anandiyankha kuti akuopa kuoneka wokonda ndalama. Ndinamuuza kuti anene kuti akufuna kukonza bajeti ya mayendedwe, ndipo zimenezo ndi zoona ndithu. Dzulo wandilembera kuti anapita, aphunzitsiwo sanakwiye n'komwe, ndipo amulonjeza kuti kuchonga azigawana ndi demonstrator mnzake. Ndamutumizira ya hadikava pa Airtel Money.

Fomu yanga yomaliza ya kumudzi, ya maola a Juni ndi Julaye 2024, inatuluka ine ndili kale kuno. Uthenga wa ku banki unandipeza ndili mu labu, magolovesi ali m'manja. Madzulo ake ndinaitumiza yonse kwa amayi, amene anali asanamalize kubweza zina za ku banki mkhonde kuja, ndipo yotsalayo anaonjezera pogula thumba la feteleza mvula isanagwe.